Mbereko yopanda mwana

Ndagula chitenje chatsopano lero, ndipo fungo lake landibwezera ku Liwaladzi, ndili kamtsikana.

Masana ena ndinapeza amayi atabindikira m'nyumba, akusokerera zingwe m'makona a nsalu yatsopano. Inali mbereko. Komatu chitsirizira pakhomopo ndinali ine. Ndinayang'anitsitsa pamimba pawo, panalibe kanthu.

"Amayi, mberekoyi ndi ya mwana wa ndani?"

"Tseka chitsekocho," anatero osadzutsa mutu.

Abambo anali atatha chaka ku Dwambazi kopha usipa, osatumiza ngakhale moni. Mtima unandiuza kuti nkhani yagona pamenepo. Ndinafunsanso.

Amayi anadula ulusi ndi mano, n'kukoka chingwe mwamphamvu kuti aone ngati chalimba.

"Abambo ako akubwera mawa," anatero. "Sakubwera okha."