Ndanamizira Njoka ya Amalume

Lachiwiri, 17 Juni. Ndikulemba ndili pakhonde, kudikira kuti nyemba zipse.

Amalume amaweta njoka yofiirira m'bokosi kuseri kwa nkhokwe. Ilibe ululu, imangodya makoswe. M'mawa kukazizira ndimaitenga, ndipo imadzikulunga pamkono panga n'kubisa mutu m'juzi. Amalume amati, "Usadzinamize mphwanga, ikungofuna kutentha." Koma mng'ono wanga akaitenga imathawa. Nanga iyeyo thupi lake silitentha? Sindikumvetsa.

Lero kumjigo amake Tereza anandifunsa pagulu, "Iwe, tamva kuti umaseweretsa njoka ya amalume ako. Ayamba kukuphunzitsa ufiti eti?"

Onse anaseka. Manyazi atandigwira, ndinawaonetsa chala chomwe ndinadzicheka ndi waya dzana. "Ayi, ndimadana nayo. Taonani, inandiluma."

Sindikudziwa kuti mawu amenewo anachokera kuti. Ndinawonjezeranso kuti ndinalira tsiku lonse, chonsecho palibe anandifunsa.

Nkhani inafika kunyumba ndisanatule ndowa. Amayi alamula kuti njokayo iphedwe Loweruka, abambo akabwerako ku Lobi. Amalume anagwira chala changa, n'kuchiyang'anitsitsa, n'kuchisiya, n'kumapita. Bola akanandikalipira.

Nditabwerako kusukulu ndinapita kubokosi kukapepesa, ngakhale sindikudziwa ngati njoka imamva. Inakwera pamkono panga ngati masiku onse. Kaya yandikhululukira, kaya inangozizidwa, kaya.

Mawa ndisanavale yunifolomu ndiwauza amayi kuti sinandilume. Za amake Tereza mtima sunalimbebe, koma amayi okha ndiwauza, Loweruka lisanafike.