Tsiku Limene Ndinachedwetsa Dzuwa

Ndiyambe ndi kuulula, kuti pasapezeke wina wodzitama ndi ntchito yanga: amene anachedwetsa dzuwa pa sukulu yathu ya pulayimale, kunsi kwa phiri la Michesi, ndine. Anzanga ena akamafotokoza nkhaniyi pa Chiringa amanena ngati tinali gulu. Bodza limenelo. Ndinali ndekha, ine Lameki, ndi kachidutswa ka choko.

Ndinali Sitandade 7, ndipo anali mayeso a teremu yomaliza, mu Julaye, nyengo imene zala zimakana kugwira bolopeni chifukwa cha chisanu chotsika m'phiri. Woyang'anira mayeso m'kalasi mwathu anali Madamu Nampinga, mphunzitsi wothandizira. Sanali wa ku koleji ayi. Anali mayi wa m'mudzi mwathu momwemo, wa setifiketi ya Fomu 4, amene komiti ya sukulu inawapempha kuti azithandiza kuitana mayina, kugawa mabuku ndi kuleretsa ndewu, popeza m'kalasi tinalimo ngati nyerere. Pamudzi palibe chinsinsi, choncho tonse tinkadziwa kuti mayeso amenewa anali awonso. Ahedi anali atanena kuti Madamu akayang'anira bwino, adzawalembera kalata yowachitira umboni ku koleji ya aphunzitsi. Zikavuta, abwerere kukathyola nandolo.

Ahediwo anali bambo wamtali wochokera ku Dedza, wokonda malamulo kuposa tiyi. Analamula kuti m'chipinda cha mayeso musalowe foni, ngakhale ya woyang'anira. Wotchi yapakhoma inalipo imodzi sukulu yonse, ndipo inkakhala mu ofesi mwawo ngati chithunzi cha ukwati. Ndiye Madamu akanadziwa bwanji kuti maola awiri akwana?

Apa mpamene ndimawavulira chipewa mayi aja. Denga la kalasi yathu linali la malata akale, ndipo limodzi linali ndi bowo la msomali. M'mawa dzuwa linkalowera pamenepo n'kugwetsa pansi kadontho kowala, kozungulira ngati dzira la nkhunda, kamene kankakwawa pang'onopang'ono kutsogolo kwa bolodi. Mlungu wa mayeso usanafike, Madamu anakhala ndi foni yawo n'kukalondola kadonthoko, najambula mizere iwiri ya choko pa simenti: wa 8 koloko woyambira, wa 10 koloko wolekera. Tinkakatchula kuti kadzuwa. Kadzuwa kakagunda mzere wachiwiri, Madamu ankangoti, "Mabolopeni pansi," ndipo panalibe apilo. Chichewa tinalemba choncho, Chingerezi choncho, osaphonya.

Lachitatu kunali masamu. Ine ndi masamu tinkadziwana nkhope chabe, sitinkapatsana moni. Nditaganiza mozama, ndinapeza kuti vuto langa silinali umbuli ayi, koma kuchepa kwa nthawi. Mwamwayi tsikulo linali langa losesa. Ndinalawira mame akadali pa udzu, ndinasesa mwakhama moti mayi anga akanandiona akanalira, kenako ndinanyowetsa chidendene n'kufufuta mzere wa 10 koloko. Ndinkafuna kuusuntha phazi limodzi lokha. Koma nditakumbukira mafulakishoni ndinawonjezera lachiwiri. Nditakumbukira masamu a sitima ziwiri zonyamuka nthawi zosiyana ndinawonjezera ena awiri. Mapazi anga anayi, mzere watsopano wowongoka bwino, ndinauwaza kafumbi kuti uoneke wakale.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kadzuwa kamathamanga m'mawa, koma dzuwa likamakwera kamayamba ulesi.

Tinayamba bwinobwino. Madamu anatisecha m'matumba, anatiuza titambasule zikhatho, anagawa mapepala, n'kuyamba kuyenda pakati pa madesiki ndi nsapato zawo zapulasitiki zolira kwichi kwichi. Ola loyamba ndinalemba zonse zimene ndinkadziwa. Lachiwiri ndinakongoletsa dzina langa. Kenako ndinazindikira chinthu chowawa: funso limene sukulidziwa pa 9 koloko, ngakhale pa 11 koloko limakhala lisanasinthe maganizo.

Kunja belu linalira, limu yakale ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango. Inali nthawi ya phala. Tinamva makalasi ena akutuluka, makapu akugundana, amayi ophika akukalipira ana kuti aime pa mzere. Fungo la phala la soya linalowa pa zenera n'kuyenda desiki ndi desiki. Makapu athu anali pansi pa mapazi, chete.

Esinati, mtsikana amene ankakhala nambala wani chaka chilichonse, anali atamaliza kalekale n'kubwereza katatu. Anakweza dzanja.

"Madamu, belu la phalatu lija."

Madamu anayang'ana pansi. Kadzuwa kanali kutali ndi mzere, kakuyenda ngati nkhono yodwala.

"Belu ndi la ophika. Ife tili ndi nthawi yathu. Onaninso ntchito yanu."

"Madamu, phala lithatu," anadandaula wina kumbuyo.

"Wolankhulanso ndimulanda pepala."

Mayi aja anali okhulupirika, ndikuuzeni. Mimba zinkalira m'kalasimo ngati achule a m'dambo, yawonso ndinaimva ndi makutu angawa, koma anaima pafupi ndi mzere wanga manja kumbuyo, kuulondera ngati malire a munda. Ine ndinaweramira pepala, mapewa akugwedezeka. Amene anali pambali panga ankayesa ndikulira chifukwa cha masamu.

Kenako tinamva kupala kwa miphika. Aliyense amene anaphunzira sukulu ya phala amaidziwa nyimbo imeneyo: ndiye kuti zatha. Pomwepo chitseko chinatseguka, ahedi n'kulowa atanyamula wotchi ija m'manja ngati mbale.

"Madamu Nampinga, ino ndi nthawi yanji?"

Madamu analoza pansi. "Sikanafike, Sala."

"Chiyani sichinafike?"

"Kadzuwa, Sala."

Ahedi anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, anayang'ana Madamu. Anatembenuza wotchi kuti tonse tione. Inali itatsala pang'ono kukwana 11 koloko.

"Pepala la maola awiri mwalisandutsa la maola atatu. Anthu anandichenjeza kuti munthu wa pamudzi pomwepa sangayang'anire ana a abale ake osawakondera. Ine ndinakana. Sonkhanitsani mapepala, mubwere nawo ku ofesi pamodzi ndi kiyi wa kabati yosungira mayeso. Za kalata ija muiwale."

Madamu anayamba kutolera mapepala, ndipo atafika pa desiki yanga anatenga langa osandiyang'ana. Kuseka kuja kunandithera. Mayi amenewa ndi amene anandibwereka bolopeni Lolemba yanga itauma, osandinyoza. Komanso, ndinene zoona, chinandiwawa china: ntchito yaluso ngati imene ija, ahedi n'kuitcha kukondera kwa Madamu?

Ndinaimirira.

"Sala, si Madamu. Ndasuntha mzere ndine."

"Wasuntha chiyani?"

Ndinapita kutsogolo, ndinagwada, n'kuwaonetsa pamene panali mzere weniweni. Kachizindikiro koyera kanali kakuonekabe m'ming'alu ya simenti. Ndinayeza ndi mapazi anga, kuwerenga mokweza mpaka anayi. Ahedi anapita ku ofesi wotchi ili kukhwapa, anabwera ndi rula, anafunsa Madamu mmene anayezera, ndipo anawerama n'kuyang'anitsitsa kadontho kaja.

"Masiku awiri onsewa mumasunga nthawi ndi bowo la msomali?"

"Eya, Sala."

"Ndipo mapepala amafika pa 10 koloko ndendende," anatero ahedi, ngati akudzilankhulira. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, wakhoza angati ndi ola lakubalo?"

"Sindinaonjezerepo kanthu, Sala."

Kalasi yonse inaphulika, ya njala yomweyo. Madamu anandiponyera mawu awiri a Chilomwe amene sindingawalembe pano, koma kiyi wa kabati anatsala m'thumba mwawo.

Chaka chatha, nditamaliza Fomu 4, ndinadutsa pa sukulupo. Anafolera malata atsopano opanda bowo ngakhale limodzi, ndipo kalasi iliyonse ili ndi wotchi yake, ngakhale ziwiri zinaima mabatire atatha. Madamu Nampinga anapita ku koleji, anabwerako, tsopano ali ndi kalasi yawoyawo. Atandiona anakweza mkono kundionetsa wotchi yapamkono, n'kunena kuti, "Bwera udzasunthe iyi, Kadzuwa." Dzina limenelo linandikanirira mpaka lero.

Koma chilango changa cha nthawi ija ahedi anachiganizira bwino, ndiwayamikire. Mzere wanga analetsa kuufufuta. Mayeso atatha, masiku atatu otsatizana, ndinkakumba dzenje la zinyalala kuseri kwa kalasi kuyambira 8 koloko, osaloledwa kuleka kufikira kadzuwa katagunda mzere womwe ndinajambula ndekha. Kapu yanga ya phala inkapita kwa anzanga amene ndinawakhalitsa ndi njala, ndipo Esinati anasankhidwa kukhala pa zenera kumandiuza nthawi. Ndikangoimika khasu n'kufunsa, ankayankha ndi mawu a Madamu enieni, "Sikanafike. Onaninso ntchito yanu."

Ndinakumba ndikuimba mluzu, matuza ali tho m'manja. Tsiku lachitatu kunagwa chiperoni, mtambo unaphimba Michesi yense, kadzuwa osaoneka n'komwe, ndipo ndinakumba mpaka belu lowerukira. Dzenjelo lilipobe, ndi lakuya kuposa onse pa sukulupo. Ndikanadziwa kuti wodzakumba ndine, ndikanasuntha mapazi awiri okha.