Geti la ku Kabulonga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinatseka pakamwa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, titangochoka ku Katete kudzakhala m'tauni, m'komboni ya Kalingalinga, m'kachipinda ka kuseri kwa akalipentala komwe utuchi unkatigwera m'madzi akumwa. Tsiku lina kusukulu ndinayesa kuyankha funso m'Chizungu. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, aphunzitsi nawonso anabisa nkhope m'buku. Ndinalumbira mumtima kuti chilankhulo chimenecho sichidzatulukanso m'kamwa mwanga.

Atate anali atatisiya kale. Amama ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, dera la anthu olemera, kwa madamu ena ochokera kunja amene sankamva Chinyanja. Ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa, ine ndi azing'ono anga.

Kumpingo kwathu kunali Ba Zulu, mayi wachikulire amene masana ankasonkhanitsa ana pakhonde la tchalitchi n'kumawaphunzitsa Chizungu. Amama ananditumiza kumeneko. Ba Zulu analibe ndodo, ndipo ankakhala nafe pabenchi imodzi. Mwana akalankhula mokhotakhota sankamuuza kuti walakwa. Ankamuyankha ngati amva zonse, n'kubwereza mawu ake aja mowongoka mkati mwa yankho lawo, nkhani n'kumapitirira. Wina akaseka mnzake ankangomuyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pano sitisekana, mwana wanga."

Ine ndinkangokhala duu kumapeto kwa benchi. Sanandikakamize. Tsiku lililonse ankandipatsa moni m'Chizungu, n'kudikira pang'ono akundiyang'ana mwachifundo, kenako n'kupita kwa wina popanda kudandaula.

M'nyengo ya mvula Amama anagwidwa ndi malungo. Anadzuka m'mawa akunjenjemera, osatha ngakhale kumanga chitenje. Mafoni kunalibe m'komboni masiku amenewo. Amama anandiuza kuti wantchito amene analipo iwo asanalowe anachotsedwa chifukwa chojomba osatumiza mawu, ndipo ngati madamu samva kanthu tsiku limenelo, afuna wina. Panyumbapo panalibe mlonda masana woti ndingamuuze m'Chinyanja. Madamu ankatsegula okha geti.

Ndinathamangira kwa Ba Zulu ndikulira, n'kuwapempha kuti akandilankhulire. Anandipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Nizakupelekeza," anatero, "koma ozakamba ni iwe. Mawu uli nayo. Nimakuona milomo igwedezeka anzako akamayankha."

Sindinkadziwa kuti ankandiona. Anakoka lata lakale limene linali litatsamira khoma, analiimika pakati pathu, n'kubisala kuseri kwake. Anati limenelo ndi geti la ku Kabulonga, ndigogode. Nditagogoda, anayamba kuuwa ngati galu. Mayi wolemekezeka chotero, amene ankatsogolera mapemphero a azimayi, akuuwa kuseri kwa lata! Ndinaseka mpaka kuiwala kuti ndimalira. Kenako anasuzumira, atakweza mphuno m'mwamba ngati madamu, n'kundifunsa m'Chizungu chimene ndinkafuna.

Mawu anatuluka okha, aang'ono ngati a mwanapiye: "My mother is sick."

Sanawombe m'manja kapena kuitana anthu kuti adzamve. Anangochita nkhope ya chisoni n'kundifunsa kuti Amama ndi ndani, akudwala chiyani. Ndinayankha mopunthwapunthwa, iwo n'kumandibwezera mawu anga ali owongoka, mpaka ndinazolowera kumva liwu langa.

Tinayenda m'matope, kudutsa mipando ndi mabedi zimene akalipentala amaika m'mbali mwa msewu, mpaka tinafika kumene mipanda ndi yaitali ndipo misewu ili zii. Pakona Ba Zulu anandigwira mutu n'kupemphera mwachidule kuti Iye amene anaumba pakamwa pa munthu akhale ndi pakamwa panga. Anaima pansi pa mtengo, ine n'kupita ndekha.

Galu wa kumeneko anali weniweni. Madamu anatsegula kachitseko ka pageti, ndipo ndinanena mawu anga oyamba aja bwinobwino. Koma anandifunsa mafunso ena mofulumira, amene sitinayesere kuseri kwa lata. M'mutu munada. Ndinatembenuka, n'kuona Ba Zulu ali pomwe paja, akugwedeza mutu pang'onopang'ono monga ankachitira pakhonde. Ndinapempha madamu kuti abwereze, pakuti ndinkamva Ba Zulu akuphunzitsa anzanga kuti kupempha choncho si manyazi. Anabwereza mofatsa. Ndinayankha ndi timawu timene ndinali nato, pamene tinandithera ndinagwira pachipumi n'kunjenjemera kuti aone malungo. Madamu anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati ndikauze Amama kuti apite kuchipatala, apume mpaka achire, ntchito yawo iwadikira. Anandithyolera mandimu mumtengo wa pabwalo n'kundiikira m'pepala.

Nditabwerera pakona ndinayamba kuwafotokozera Ba Zulu malo onse amene ndinalakwitsa. Anandidula.

"Anamvela?"

"Anamvela."

"Basi, Chizungu n'chamene icho. Vinangu tizakonza mailo."

Amama anachira, ndipo anagwira ntchito panyumba ija mpaka ine nditamaliza sukulu. Koma mailo aja, tsiku lotsatira ulendo wa ku geti uja, Ba Zulu atandipatsa moni pakhonde, ndinawayankha.

Lero ndine wamkulu, ndipo Loweruka ndimakhala pabenchi ndi azimayi a kumpingo amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu, kuwaphunzitsa Chizungu. Ndimamvetsa tsopano kuti Ba Zulu ankamva cholakwa chilichonse chimene tinkanena. Ankangodziwa kuti kanyali kakamazilala suyamba ndi kukauzira mphepo, umakatchinga ndi manja kuti kayake. Khalidwe limenelo analitenga kwa Ambuye wawo. Ndikagwada kupemphera, mawu anga amakhalabe okhotakhota ngati a kamtsikana ka pageti kaja, ena amandithera pakati. Koma sindinamvepo kumwamba akundiseka. Amandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundiyankha.