Sitima Ziwiri pa Pepala la Matemba

Lachiwiri lapitali ndinatsikira ku msika wa Linthipe ndi matumba awiri a kabichi panjinga. Malonda atatha ndinagula matemba a ndiwo, ndipo mayi wogulitsayo anandikulungira m'pepala long'ambidwa m'magazini yakale ya Chingerezi.

Inu amene mumawerenga danga lino mukuwadziwa kale matenda anga. Pepala lokhala ndi zilembo sindilidutsa. Mayi akunyumba amati ine kumsika ndimakagula pepala, ndiwo zimangobwera ngati basela. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, zina zonse ndinatola ndekha m'mapepala otere ndi m'dikishonale yopanda chikuto imene imayambira pa chilembo cha C. N'chifukwa chake kwathu ku Mphunzi amanditcha a Mabuku. Ena amatchula mwaulemu, ena ayi.

Tsono ndinakhala pamwala, matemba ndinakhuthulira m'thumba la jekete, mlandu umene sunathebe kunyumba, n'kuwongola pepalalo pabondo.

Panali chithunzi. Sitima ziwiri zikuyenda limodzi pakati pa nyanja yamchere, kopanda mtunda mbali iliyonse. Pakati pa ziwirizo chipayipi chakuda chikulendewera pa zingwe. Mawu a m'munsi ankati sitima yakumanzere ikuthira mafuta m'sitima yankhondo, zonse zili paulendo.

Ndinawerenga katatu. Kenaka anandigwira manyazi amene anachedwa panjira zaka zoposa khumi.

Kwathu kuli mkulu wina, a Gelevaziyo. Ali mnyamata anapita ku Joni wapansi ndi mnzawo wa m'mudzi momwemo, a Lusiyano. Anakafika mpaka kudoko la Debeni, ndipo nkhondo yachiwiri ya azungu itabuka, onse awiri analembedwa ntchito pa sitima yonyamula mafuta. Nkhondo itatha a Gelevaziyo anabwera okha. Akafunsidwa za mnzawo ankangoti, "Tinasiyana." Zotsalazo mudzi unamaliza wokha: a Lusiyano atchona, apeza mkazi kumeneko, kwawo aiwala.

Kumudzi a Lusiyano anasiya mlongo wawo, a Nangondo. Chaka chilichonse a Nangondo akaitana dima kuti anthu adzawathandize kulima, a Gelevaziyo ankakhala oyamba kufika ndi khasu, omaliza kuweruka. Ife tinkati ndi khama chabe.

Pa dima lina, titaweruka, tinakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kumwa thobwa, amuna uku, amayi uko, koma pomvana. A Gelevaziyo, munthu wosakonda kulankhula, anatsokomola n'kuyamba okha popanda wowafunsa.

"Anzanga, sitima yankhondo ikamva ludzu pakati pa nyanja siima ayi. Ikaima, adani aiphulitsa. Imabwera pambali pathu, tonse tikuyenda, kutalikirana ngati pano ndi nkhokwe iyo. Amawombera kachingwe ndi mfuti, kachingwe kakoka chingwe, chingwe chikoka chipayipi chonenepa ngati ntchafu ya ng'ombe. Ife tikupopa mafuta, madzi akuwira pakatipo. Ntchito yanga ine inali kuima ndi nkhwangwa..."

Apa ndi pamene ndinalowererapo. Mwezi umenewo ndinali nditangomaliza buku lakale la jogalafe limene ndinapempha kumishoni, ndipo mayina a madoko amene sitima zimamwera mafuta ndinali nditawaloweza ngati katekisimu. Ankandiyabwa pakamwa.

"Pepani akuluakulu," ndinatero, "koma sitima zimamwera mafuta padoko. Zalembedwa. Kodi alipo anaona basi ikuthiridwa mafuta ikuthamanga pa msewu wa ku Lilongwe?"

Anthu anaseka. Wina anawonjeza kuti, "Nanga nkhwangwayo, a Gelevaziyo, munkatema nayo nkhuni za m'madzi?" Ngakhale a Nangondo anaseka, atatseka pakamwa ndi chitenje. A Gelevaziyo anayang'ana m'chipanda mwawo, anamaliza thobwa, ananyamula khasu. Kuyambira tsikulo dzina lawo linakhala a Nkhwangwa, ndipo munthu akamakokomeza nkhani kwathu timati wayamba za sitima. Ine ndinabwerera kunyumba ndikumva kutalika.

Lachitatu m'mawa, nkhungu isanachoke m'mapiri, ndinakwera njinga ndi pepala langa. A Gelevaziyo ndinawapeza pakhonde atafunda chikhoti, akudikira dzuwa.

"Ndi a Mabuku amenewo?" anatero ndisanaodire. "Njinga yanuyo imalira ngati nkhanga. Mwabwera kudzandikonza chiyani lero?"

"Ndabwera ndi sitima zanu, bambo."

Ndinawaikira pepalalo m'manja. Analipapasa, analifikitsa kumphuno.

"Sitima zanga zikununkha matemba."

Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti maso awo onse awiri achita ng'ala. Ndinkamva anthu akunena, koma sindinapiteko kukawaona. Umboni unafika, mwini wake sangathenso kuuona.

"Ndiuzeni zimene mukuonapo," anatero.

Ndinafotokoza. Sitima ziwiri, chipayipi, thovu loyera pakati.

"Zingwe zingati?"

"Zitatu."

"Chapakaticho ndiye chonyamula payipi. Nanga munthu wa nkhwangwa akuoneka?"

Ndinafufuza chithunzi chonse, ngakhale pamene panadetsedwa ndi mafuta a matemba. Ndisabise, ndinafuna kunena kuti alipo. Akanadziwa bwanji? Koma ndinaona kuti ndawalakwira kokwanira.

"Sakuoneka, bambo."

"Sangaoneke. Ojambula amajambula sitima. Khalani pansi ndimalize. Munandidula ndili pa nkhwangwa."

Ndinakhala pansi.

Anati nthawi yothira mafuta ndiyo inali yoopsa kuposa zonse, chifukwa sitima ziwirizo zimakhala zitamangirirana ngati ng'ombe za pagoli. Mdani akaoneka, kapena chiwongolero cha imodzi chikafa, hutala, lipenga la sitima lochenjeza, imalira pafupipafupi, ndipo aliyense amadziwa chake: wina azimitsa mpope, wina amasula payipi, ena ataya zingwe. Chingwe chikakana kumasuka, munthu wa nkhwangwa amachidula pa chipika chimene chimakhala pamenepo dala. Safunsa, sadikira. Ankayeserera kawirikawiri mpaka manja anazolowera.

"Tsiku lina m'mawa, dzuwa lili bwinobwino, chiwongolero cha sitima yankhondo chinafa. Tinangoona mphuno yake ikukhotera kwa ife. Ife tadzaza mafuta mpaka pakhosi. Kungogundana pang'ono, tonse moto. Hutala inalira. Payipi inamasulidwa mafuta akutulukabe, pansi ponse poterera, anthu akukwawa. Zingwe ziwiri zinapita, chachikulu chinakana. Kapitawo akukuwa kuti dula. Lusiyano anali atawerama tsidya lina la chingwecho, akulimbana nacho kuti achimasule ndi manja."

Chala chawo chinkasisita m'mphepete mwa pepala.

"Ndinamuona. Musaganize kuti sindinamuone. Ndinaitana dzina lake kamodzi, n'kutema. Chingwe chokungika chotero chikaduka chimakwapula. Chinamutenga m'miyendo n'kumuponya m'madzi, pakati pa sitima ziwiri. Sitimazo zinaphonyana pang'onong'ono, palibe inapsa. Yathu inazungulira kamodzi kumufuna. Pamadzi panali mafuta okhaokha."



"Zaka pafupifupi makumi awiri ndinkalima m'munda wa mlongo wake ndikusowa poyambira," anapitiriza. "Tsiku la dima lija ndinali nditatsimikiza. Ndinati ndiyamba ndi sitima, ndifika pa chingwe, ndifika pa Lusiyano. Pamaso pa anthu onse, kuti ngati n'kundiweruza andiweruze limodzi."

"Nanga bwanji simunapite kwa a Nangondo padera pambuyo pake?" ndinafunsa. Mukuona, ngakhale apa ndinkafunabe kachibowo kothawira.

"A Mabuku, munthu amene mudzi wonse ukuti ndi wabodza pa nkhani ya payipi, angakhulupirike pa nkhani ya maliro? Akanati ndapeka imfa kuti bodza langa lilemere."

A Nangondo tinawaika m'manda dzinja la chaka chatha. Anapita akudziwa kuti mchimwene wawo ali moyo kwinakwake, akudya bwino, osalemba ngakhale kalata imodzi. Mayi awo atamwalira, ndinawamva a Nangondo ndi makutu anga akulira motchula a Lusiyano, kuwafunsa kuti mtima wotere anautenga kuti. A Lusiyano palibe anawalira, palibe anameta chifukwa cha iwo, palibe anawaperekera Misa. Munthu anafa akulimbana ndi chingwe kuti anzake asapse, kwawo akutchedwa mtchona.

Mwina wina anditonthoza kuti mlandu si wanga ndekha, mkuluyo anali ndi zaka zambiri zoti anene. Zoona. Koma pa zaka zonsezo pakamwa pake panatseguka tsiku limodzi, ndipo amene anapatseka ndine. Ndi chiyani? Ndi buku la jogalafe lopanda masamba omaliza.

Bukulo silinaname. Sitima zimamweradi mafuta padoko. Linangonena zimene wolemba wake ankadziwa n'kulekera pomwepo. Amene ananama ndine, poganiza kuti pamene buku lathera, dziko latheranso pomwepo.

Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti munthu wakwathu, woti ndimapemphera naye tchalitchi chimodzi, ananena zimene anaona ndi maso, anagwira ndi manja, ine ndinakana. Pepala lokulungira matemba, lolembedwa ndi munthu amene sindimudziwa, lanena zomwezo, ndakhulupirira ndisanadzuke pamwala. Kodi kuwerenga kumeneku n'kuphunzira, kapena ndi mtundu wina wa ugonthi?

Sindili ndekha. M'midzi yathu yonse, kuchokera ku Kabwazi mpaka kutsikira ku Linthipe, muli akuluakulu amene anawoloka nyanja nthawi ya nkhondo, ena analowa pansi pa nthaka m'migodi ya eni. Akayamba kusimba, timatsinana. Ana athu a sekondale ndiye aposa ife, amafunsa kuti agogo, zimenezo zili pa tsamba liti. Inde, alipo okokomeza, ndipo tonse timawadziwa, amene chaka chilichonse adani amene anawagwira amachuluka. Koma tawonani bwino: wokokomeza amasimba tsiku lililonse, ndipo m'nkhani yake ngwazi ndi iye. Amene ali ndi chinthu cholemera amayamba kamodzi, amayambira kutali, pa zingwe ndi mapayipi, chifukwa akuopa kumene nkhaniyo ikupita. Ameneyo ukamuseka, sayambanso.

Ndinapepesa. A Gelevaziyo anandibwezera pepala.

"Kupepesa pakhonde sikuvuta," anatero. "Munandiseketsa pagulu. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi mundigwire dzanja tipite kwa Fabiyano, mwana wa a Nangondo. Ndiye watsala pa mbumba imeneyo wondimvera. Muitanenso amene anali pa dima lija."

Tinayamba kuwawerenga ndi zala. Ambiri ali kumanda, kuphatikizapo uja wa nkhuni za m'madzi. Otsala sanakwane manja awiri.

"Omwewo," anatero. "Inu mukagwire pepalalo, mukanene kuti munalakwa ndinu. Mukatero mukakhale chete mpaka ine ndimalize. Mungathe?"

Ndinati ndiyesa. Mayi akunyumba nditawauza, anati nawonso apita, chifukwa chiyambire ukwati wathu sanaonepo ine nditakhala chete wina akulankhula.

A Fabiyano akailandira bwanji nkhaniyi sindikudziwa. Akhoza kugwira dzanja la mkuluyo, akhozanso kutithamangitsa tonse awiri, ndipo sindingawadzudzule. Chimene ndikudziwa n'chakuti amene ankayenera kuimva anali atakhala pansi pa mtengo wa mapichesi tsiku lija, mapazi ochepa chabe kuchoka pamene panali a Gelevaziyo, ndipo ine ndinawaseketsa.

Pepalalo ndaliika m'kati mwa dikishonale kuti liwongoke pofika Lamulungu. Buku lonse tsopano likununkha matemba, ndipo ndaganiza zolisiya choncho.

Nanga inu, kwanuko, ndani amene munamudula ali pa nkhwangwa? Akadali moyo?