Nkhuku yomaliza ya NyaMhone

Lachinayi lapitali, ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba, ndinamva belu la njinga pakhomo pa aneba anga, NyaMhone. Belu limenelo kuno ku Kande timalidziwa tonse. Ndi la Ada Manda, mkulu wa mpingo wathu, ndipo sililira pakhomo pa munthu popanda ntchito.

Ndinasuzumira pampanda. Musandiyang'ane choncho, inunso mukanasuzumira.

Ada Manda sanatsike n'komwe panjingapo. Phazi limodzi pansi, anauza NyaMhone kuti Loweruka kukubwera mlaliki wochokera ku Dedza kudzachititsa chitsitsimutso, ndipo akuluakulu atapemphera aona kuti mlendoyo afikire kwa iwo.

"Paja inu, ama, Mulungu anakupatsani mphatso yolandira alendo."

NyaMhone anagwada, n'kuwomba m'manja, n'kuthokoza mwa Chitonga chawo kuti yewu. Njinga itakhota, anakhala pakhonde n'kumayang'ana kukhitchini. M'menemo, m'dengu lakale, munali nkhuku yawo yomaliza itafungatira mazira.

Ndikuti yomaliza. NyaMhone ndi mayi wamasiye, amalima chinangwa, ndipo nkhuku ndizo zinali sopo wawo, mchere wawo ndi mankhwala a chiuno chimene chimawavuta. Ndikusamukira kuno, pabwalo pawo sunkaponda osayang'ana pansi. Tambala wamkulu anapita ndi abusa odzabatiza ana. Misoti ingapo inapita ndi kwaya ya ku Usisya, anthu oimba bwino komanso odya bwino. Zina zinatsagana ndi achinyamata a msonkhano. Imodzi, yonenepa kwambiri, inadyedwa ndi bambo wina amene anabwera kudzatiphunzitsa za kusala kudya.

Mazira a m'dengu aja ndiwo anali chiyembekezo chakuti khola lidzukanso.

Mukudziwa mmene mphatsoyi anaipezera? Kale ndithu, mvula inatsekereza mlaliki wina, maminibasi atasiya kuyenda. NyaMhone anamumvera chisoni, n'kumuphikira, n'kumuyalira pogona. M'mawa mwake bamboyo anaima kutsogolo n'kulengeza kuti mumpingo uno muli mayi wa mphatso yapadera. Anthu anawomba m'manja, ena n'kululutira. Kuyambira tsiku limenelo mlendo aliyense wa mpingo njira yake ndi imodzi.

Musandimve molakwa, abale anga. Ine za mphatso za Mzimu ndimakhulupirira, ndipo ndinazionapo zikugwira ntchito. Alipo mayi wina kuno amene akalowa m'nyumba ya maliro n'kukhala pansi osayankhula kanthu, mtima umatsika. Chimene chimandipweteka mutu ndi kagawidwe kathu, ife anthu.

Taonani. Wa mphatso yoimba timamusokera yunifolomu, n'kumukweza lole kukaona madera. Wa mphatso yolalikira timamupatsa maikolofoni ndi madzi a m'botolo. Wa utsogoleri amakhala pampando wa khushoni, kumphepo yabwino. Kuloji kumene ndimaphikako, anzanga a m'mafelowoshipi pafupifupi onse anatulukira kuti ali ndi ulosi, moti ukangoyetsemula wina wakuonera kale masomphenya. Koma chibadwire sindinaonepo Akhristu akukanganirana mphatso yotsuka mapoto. Imeneyo timaiona mwa anzathu, ndipo timaiona msanga.

Nanga mwini mphatsoyo amapindulanji?

NyaMhone ulaliki wa alendo awo sanaumvepo mpaka pa ameni. Nyimbo yachiwiri ikamayamba amatuluka chowerama kukasonkha moto. Bedi amapereka kwa mlendo, iwo n'kugona pamphasa ndi chiuno chawocho. Anzawo akamatuluka m'tchalitchi nkhope zikuwala, akuti lero tadalitsika, iwo amakhala akupukuta misozi ya utsi. Timalalikira za moyo wochuluka, koma kwa mayi ameneyu chimene chachuluka ndi mbale zotsuka.

Lachisanu ndinalephera kupirira, ndinapita kukawalankhula. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo mtima wa anthu akumtunda ndimaudziwa. Ife nsomba imatipeza itauma gwa, itayenda ulendo wautali kuposa wogulitsayo. Ukatiuza kuti tikupita kunyanja, usiku wake timalota nsomba yaiwisi. Ndiye ndinawauza kuti nkhukuyo aisiye iswe anapiye ake, mlendoyo amuphikire usipa wa lero lomwe ndi kondowole, adzanyambita zala.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Usipa? Umene amadya aliyense tsiku ndi tsiku, ngakhale mphaka n'kumautaya? Mtumiki wa Mulungu achoke kutali konseko kudzadya usipa pakhomo pawo? Anati anthu akamva adzanena kuti mphatso ija yawathera, ndipo manyazi ake sangawasenze. Kuno nsomba ndi ya eni khomo, mlendo wolemekezeka ndiwo yake imayenda ndi miyendo iwiri.

Ndinakwiya, koma ndinati chabwino, ngati usipa ukuchepa ndikabweretsa batala, nsomba yoti ngakhale azungu akuloji amaitanitsa kawiri. Loweruka ndinalawirira kudoko, n'kupeza wonona bwino, n'kubwerera chothamanga.

Ndinapeza nthenga zili mbwee kuseri kwa khitchini.

NyaMhone anadziwa pakamwa panga, ndiye nkhuku ija anaizinga ndisanabwere. Mazira anali akadali ofunda m'dengu muja. Ndinawakulunga m'chitenje n'kuyamba kuzungulira makomo, mayi wamkulu ngati ine, kufunsa ngati pali amene ali ndi nkhuku yofungatira. Pamene ndinkaipeza, kutsidya kwa msewu, anali atazizira kale.

Mlendo anafika masana. Munthu wabwino, ndisaname, wochepa thupi, waulemu, nsapato zake zafumbi. Tinamuikira mpunga ndi nkhuku patebulo, ife amayi n'kupita kuseri kukakazinga batala uja kuti tidye tokha, poti sangatayidwe. Anapemphera, n'kudya pang'ono. Nditalowa ndi madzi akumwa ndinamupeza akununkhiza m'mwamba. NyaMhone anali atagwada pakhomo kufunsa ngati mchere wakwana.

Bamboyo anazengereza, kenako anafunsa motsitsa mawu. "Pepani amayi, fungo likubwerali ndi la nsomba? Ine kulikonse kumene ndafika amandiphera nkhuku. Njira yonse ndimadziuza kuti lero lokha ndikadya ya panyanja."

Ndinaseka, abale. Ndinaseka mpaka madzi kutayikira pansi. Ndinasiya nditaona nkhope ya NyaMhone. Anangodzuka pang'onopang'ono atagwira chiuno, n'kukatenga nsomba ija. Mlendo anaidya mpaka mutu, nkhuku n'kutsala m'mbale.

Lamulungu chitsitsimutso chinayenda bwino, ndipo ena anatembenuka mtima. Pomaliza mlaliki anayamikira mayi amene anamusunga, n'kupempha kuti aimirire mpingo umuone. Makosi anatembenuka uku ndi uku. Munthu palibe, anali atatuluka kale kukaphika nkhomaliro. Kenako Ada Manda anaimirira ndi zolengeza: mwezi wamawa kukubwera amayi a ku Mpamba kudzacheza nafe, ndipo za malo ogona tisade nkhawa, mpingo uno Mulungu anaudalitsa ndi munthu wake.

Pobwerera ndinadzera dala pakhomo pa Ada Manda. Nyumba yamalata, zipinda zili pululu poti ana onse ali ku Joni. Ndipo nkhuku! Zinadutsa msewu gulu lonse, zonenepa, zoyenda modzikuza, mpaka wakabaza anachita kumanga mabuleki. Ndinaima n'kumazifunsa mumtima kuti kodi inu mulibe mphatso? Mzimu unakulambalalani bwanji nonsenu?

Ndikudziwa, kumpingo kwanunso aliko NyaMhone wanu. Mwina ndi bambo uja wa njinga yamoto amene munamupeza ndi mphatso yothandiza, ndiye odwala onse ndi ake, mafuta akagule yekha. Mwina ndi mtsikana wa mphatso yokonda ana, amene chaka chonse amakhala panja ndi ana anu inu mukumva Mawu. Timawatamanda pagulu kuti asathe kukana. Munthu angakane bwanji chimene mwamuuza kuti chachokera kumwamba? Akati watopa, ndiye kuti akulimbana ndi Mulungu. Mawu okoma aja ndi chingwe, ndipo amene timamanga nacho nthawi zambiri ndi amasiye ndi ofatsa.

Ngati kulandira alendo kulidi mphatso, ndipo ine ndikuti ndi mphatso, bwanji ife ena sitiipempherera? Bwanji sitibweretsa ngakhale ufa, nkhuni kapena kamsoti kamodzi kuti mwini mphatsoyo aigwiritse ntchito akumwetulira? Inu munamufunsapo liti wa mphatso wanuyo ngati anagona bwino?

Lolemba m'mawa mlendo atakwera minibasi, ndinapita kukawathandiza NyaMhone kutsuka. Dengu lija anali atalikhuthula n'kulivundikira pakona. Atatsala ndi poto mmodzi anaima, n'kuyang'ana kumsewu ngati pali amene akumva, kenako anandiyandikira.

"Ama, inu mumawerenga kwambiri. Mphatso imeneyi, kodi munthu amaloledwa kuibweza?"

Akuluakulu a mpingo, inu amene munaiona mphatsoyo, bwerani mudzawayankhe. Potsika panjinga musaope, pabwalo palibenso choti mungaponde.