Juzi ya Malemu

Ana anga, inu amene mukuti dziko lakukanani, senderani kuno. Azakhali anu sukulu anangoinunkhiza pakhomo, koma nkhani iyi akuidziwa.

Mwamuna wa Najuzi anamwalira masana, dzuwa likuswa mtengo. Anali ndi matenda a m'mapapo, ndipo ankapuma ndi kamakina kamene kankangoti ng'rrr pambali pa bedi ngati mphaka wokhuta. Tsikulo kunatentha moti nyumba zonse zikuluzikulu zinayatsa makina oziziritsa. Magetsi analemedwa, n'kuthima. Mkaziyo anamukupiza mwamuna wake ndi chivundikiro cha poto mpaka mkono kuuma. Pamene magetsi ankabwera, kamakina kanayamba kupumira munthu amene anali atapita kale.

Anamusiyira mwana wamkazi, wa mapapo ngati a bambo ake. Kamakina kaja kanangosamukira pa bedi lina.

Mayiyo anapeza ntchito yokolopa m'nyumba yaitali ya maofesi. Mmenemo munkazizira ngati mufiriji, mabwana atavala majekete pamene panja phula likusungunuka. Iye ankavala juzi ya malemu, manja opinda kawiri, ndiye dzina loti Najuzi n'kumukakamira.

Tsiku lina injiniya wa nyumbayo, mayi wamfupi wa magalasi, anamupeza m'chipinda cha makina ataima chilili, chokolopera chikudontha.

"Mwasochera, amayi?"

"Ayi. Ndikuona amene anamwa magetsi a amuna anga."

Injiniya sanaseke. Anamukhazika pa chigubu n'kumufotokozera kuti nyumba yaikulu imasunga kuzizira ngati mtsuko. Ukaiziziritsa kwambiri m'mawa, magetsi ali ambiri, masana makina ukhoza kuwagoneka kwa kanthawi, magetsiwo n'kutsalira ena.

"A kampani ya magetsi akhala akutipempha zimenezi," anatero. "Koma anthu a m'maofesi akukana, ndipo ine ndatopa kukwera masitepe."

"Miyendo ndili nayo."

Anayamba kuphunzira za makinawo. Mayeso anamugwetsa, anadzuka, anamugwetsanso, mpaka mayesowo anachita manyazi. Anasiya chokolopera n'kukhala woyang'anira makina. Ofesi ndi ofesi ankagogoda, kupempha kuti alole makina kugona masana. Bwana wa pamwamba penipeni anamukalipira.

"Ndizituluka thukuta muofesi mwanga, ine?"

"Vulani jekete, bwana. Mimbayo tinaiona kale, sitidabwa."

Bwana anaseka mpaka kuvomera. Eni nyumba zoyandikana nawonso analowa m'gulu.

Masana ena otentha a kampani ya magetsi anaimba foni kuti magetsi alemedwa. Najuzi anagoneka makina m'nyumba zonsezo, zinthu n'kuyenda bwino. Nthawi itakwana, chisangalalo chinamupusitsa: anawayatsa onse nthawi imodzi. Pajatu makina akamadzuka amameza magetsi ngati munthu wochokera kundende. Dera lonse linathima, ndi kwawo komwe.

Anathamanga, nsapato imodzi kutsala pamsewu. Anapeza mwana milomo itachita mbuu, mayi woyandikana naye nyumba akumukupiza ndi chivundikiro chomwe chija. Magetsi anabwera mwana akadali moyo, koma Najuzi anagwada pansi.

"Ulendo uno ndathimitsa ndine. Ine mayi ake."

Kuntchito sanapitenso. Ankangokhala pambali pa bedi, juzi ili m'thupi, kumvetsera kamakina. Injiniya anabwera, n'kuima pakhomo.

"Ndinakuphunzitsani kugoneka, kudzutsa sindinakuphunzitseni. Mlanduwu ndi wa tonse awiri. Tiyeni."

"Manja angawa ndi opha."

Mwana anachotsa kapaipi ka kamakina kaja pamphuno. "Amayi, inu mukakhala pano mundikupiza ndekha. Nanga ana enawo adzawakupiza ndani?"

M'mawa mwake Najuzi anabwerera kuntchito.

Kenako linafika tsiku lotentha kuposa lija la maliro. Foni inalira, iye n'kugoneka makina. Anadikira, mtima uli m'mwamba. Nthawi yodzutsa itakwana, anayatsa a nyumba imodzi, n'kuyembekeza kuti akhazikike. Kenako a nyumba ina. Pang'onopang'ono, ngati mayi wodzutsa ana osafuna kuti alire onse pamodzi.

Atamaliza anaimbira kunyumba. Mwana anangoika foni pafupi ndi kamakina, ndipo Najuzi anamva ng'rrr.

M'chipinda cha makina munali mutafunda, thukuta likuyenderera kumsana. Anavula juzi, koyamba chiyambire ntchito m'nyumbayo, anaipinda bwinobwino, n'kubisamo nkhope. Analira maliro amene tsiku lija analibe nthawi yolira.

Malemu sanabwerere, ana anga, sindikunamizani. Koma mwana uja lero ndi mtsikana wamkulu, ndipo amandinena kuti ndimalongolola.

Inu amene mwalakwitsa mpaka kudana ndi manja anu, bwererani kuchipinda cha makina. Osadzuka mwaphuma ayi, yatsani chimodzi, dikirani, yatsaninso china. Zina zonse zikhoza kugona kanthawi, koma mtima wokhawo musautaye.