Anandibisa ku Kawale

Chaka chimene mkazi wanga anabwerera kwa makolo ake ku Dedza, nsapato zanga zinali zitadyeka zidendene ndi kuyenda wapansi. Mmawa uliwonse ndinkachoka ku Kawale nditakwapatira envulopu ya khaki, kulowera ku Old Town, tsiku lina ku Kanengo, tsiku lina ku City Centre. Dipuloma ndinali nayo, koma alonda a m'mageti anali atandizolowera moti ankangondipukusira mutu ndisanapereke n'komwe moni.

Mkazi wanga sanachoke ndi mkangano ayi. Mwana wathu wamkazi anali atayamba kuwonda, tsitsi likufiira. Malume a mkazi wanga atabwera kudzationa anayang'ana mwanayo, anayang'ana m'chipindamo, kenako anandiyitanira kuseri.

“Bambo, sitikukulandani mkazi,” anatero. “Akakhale kaye kumudzi, mwana azikadya. Mukapeza ntchito mudzawatenga. Koma tikakolola chimanga inu muli chikhalire, tidzakhala pansi ndi ankhoswe tione mutu wake.”

Ndinakwiya. Komabe ndinawanyamulira chikwama mpaka pa depoti.

Ndinkakhala kachipinda kakuseri pa pulote ya mayi ena amasiye, Achiyao a ku Mangochi, amene ankagulitsa usipa ndi utaka mumsika. Tonse pa pulotepo tinkangowatcha Amayi. Anali ndi pakamwa poopsa, ndipo ukataya madzi a sopo pakhomo pawo unkamva mbiri ya mtundu wako wonse. Koma chichokereni mkazi wanga, madzulo ambiri ndinkapeza kambale kovindikira pakhomo panga, ndipo ndikati ndithokoze ankandikalipira kuti ndikuwasokosa. Chipinda choyandikana ndi changa munkakhala telala, amene ankasokera pakhonde.

Tsiku lina ndinaona chilengezo cha ntchito kwa ometa tsitsi, mu nyuzipepala imene inali itadutsa kale m'manja mwa anthu ambiri. Chinangoti nthambi ina ya boma ikufuna achinyamata ophunzira, odziwa zilankhulo zingapo, osunga pakamwa. Dzina la nthambiyo panalibe. Ndinalemba ngati mmene ndinkalembera kwina konse, osayembekezera kanthu. Nditaitanidwa ndinakabwereka jekete kwa telala uja, ndinamunamiza kuti ndikupita ku chinkhoswe.

Malo amene anandiuza anali nyumba wamba ya mpanda wautali, yopanda chikwangwani. M'chipinda chodikirira tinalimo anthu ambiri ndithu, aliyense akuyang'ana nsapato za mnzake. Nditalowa ndinapeza anthu atatu kuseri kwa tebulo: mayi wa magalasi pakati, bambo wa imvi mbali ina, ndi wina amene sanayankhule mpaka ndinatuluka.

Ndinali nditaloweza za malamulo a dziko ndi mayina a maboma onse. Sanandifunse n'chimodzi chomwe. Mayi uja anafuna kudziwa kuti munthu amene ndinakhala naye pafupi podikirira anavala malaya amtundu wanji, ndiponso kuti mu minibasi anthu ankakamba zotani. Ndinawauza kuti minibasi sindinakwere, ndayenda wapansi, koma ndinawafotokozera zimene ankakangana amayi a pa mpope pamene ndinkadutsa. Bambo wa imvi uja anamwetulira pang'ono, kenako anafunsa kuti mkazi wanga ali kuti.

Ndinanena zoona.

“Ndiye ndinu munthu wovutika,” anatero. “Munthu wovutika savuta kumugula. Tikukhulupirireni bwanji?”

Ndinati, “Bwana, ndikanakhala wogulika bwenzi nditagulidwa kale. Ku Kawale kuli anyamata amene amandiitana tsiku ndi tsiku kuti ndizikawalembera malisiti abodza. Ndikanavomera, bwenzi mwana wanga ali pano.” Nditatha kuyankhula ndinadziwa kuti ndakweza mawu, ndipo ndinati basi ndadziphera ndekha.

Apo ndi pamene mayi uja anandiuza ntchito yake. Inali ya ukazitape, kukhala maso ndi makutu a boma. Ine ndinakula nthawi imene akuluakulu ankatsitsa mawu akamatchula anthu amenewa, ngakhale m'nyumba mwawo momwe. Koma kunena zoona, mtima wanga sunagunde ndi mantha. Ndinangoona malipiro a mwezi ndi mwezi, ndi mwana wanga akudya phala la mkaka. Akanati ntchito yake ndi yowerenga mphemvu za mu Lilongwe ndikanafunsa kuti ndiyambire dera liti.

Anandiuza tsiku loti ndibwerenso. Nditapita ndinapeza bambo wa imvi uja yekha.

“Mwakhoza,” anatero. “Chatsala n'choti tifufuze mbiri yanu m'njira yathu. Inu musauze munthu aliyense kuti munabwera kuno. Ngakhale mkazi wanu, ngakhale abusa anu. Tikamva kuti mwayankhula, zatha.”

Ine ndinaganiza kuti kufufuza mbiri ndi kupita ku koleji kukaona ngati mapepala anga ndi enieni, mwina kupolisi kukaona ngati ndinamangidwapo. Kumeneko ndinalibe nkhawa. Nditatuluka ndinalunjika pa kanyumba koimbira telefoni pafupi ndi msika, ndinaimba pa golosale ya kwawo kwa mkazi wanga. Anakamuitana. Ndinamuuza kuti zinthu zikuoneka, ayambe kulongedza. Anafunsa kuti ntchito yanji, ine ndinati adzamva akabwera. Anaseka, koyamba chichokereni, ndipo anati mwana wayamba kutchula mawu.

Pakamwa ndinatsekadi. Telala anandifunsa kuti chinkhoswe chinayenda bwanji, ndinati bwino. Amayi anandifunsa chimene ndinkaimbira likhweru posamba, ndinati ndangodzuka bwino.

Chimanga chinali chitayamba kuuma m'timinda ta m'mbali mwa msewu. Tsiku lina ndinapeza ganyu yonyamula njerwa ku Area 25, ndipo ndinabwerako dzuwa litapendeka, fumbi thupi lonse. Nditalowa pa pulote ndinaona kuti china chake chachitika. Makina a telala anali zii, ana onse atalowetsedwa m'nyumba. Amayi anandigwira pa mkono, kundikokera m'nyumba mwawo, n'kutseka chitseko.

“Mwananga, walakwira ndani?”

Ndinati sindinalakwire munthu.

“Kunabwera azibambo awiri. Galimoto anaisiya kumsewu, koma nsapato zawo ndinaziona, si za kuno. Anatchula dzina lako lonse. Akuti amakhala pano? Amacheza ndi ndani? Amamwa? Amakamba zandale?” Anandiyang'ana m'maso monyadira. “Ndinawauza kuti pano palibe munthu wa dzina limenelo, ndipo sanakhalepo.”

Apo ndinazindikira kuti azibambowo ndiwo anali ofufuza mbiri aja.

Iwo anapitiriza, akuwerenga anthu mmodzimmodzi. Telala anawauza kuti dzinalo akulimva koyamba. Mayi wogulitsa madzi pa mpope anati mwina akunena mnyamata wina amene anapita ku Joni kalekale. Wa pa golosale anawalozera ku Biwi. Palibe amene anapangana ndi mnzake. Ku Kawale, mlendo wovala bwino akafunsa za munthu wanu simumudziwa, ndipo zimenezi mwana aliyense amakula akuzidziwa. Inenso ndinkazidziwa. Ndinakanapo anthu ambiri pamaso pa angongole ndi apolisi, koma sizinandifikire m'mutu kuti tsiku lina adzakana ine.

“Mlamu wanga anali mphunzitsi,” Amayi anatero, mawu atatsika. “Nthawi ya chipani chimodzi kunabwera anthu ngati amenewa, aulemu, kufunsa kuti amakhala kuti. Ine ndinali mtsikana, nditangokwatiwa kumene. Ndinawalozera khomo lake ndi dzanja langa ili. Mpaka lero sitidziwa kumene anamuika. Ndiye iwe sakutenga ine ndili moyo.”

Anali atandimangira kale kaphukusi ka ufa ndi usipa. Anati ndikabisale kaye kwa mchemwali wawo ku Mtsiliza mpaka zitazizira. Ndinalandira kaphukusiko ndi manja awiri, ndinathokoza. Ndikanatani? Bambo wa imvi uja anali atandiuza kuti ndikayankhula zatha, ndipo ndinali ndikadakhulupirira kuti pali chimene chatsala choti ndipulumutse.

Kutacha ndinathamangira ku nyumba ya mpanda ija. Mlonda anandikaniza, ine ndinakhala pansi pa geti pomwepo n'kumuuza kuti aitane apolisi adzandinyamule. Patapita nthawi anandilowetsa. Bambo wa imvi uja sanandipatse mpando.

“Anthu athu anapita kumene munati mumakhala,” anatero. “Anafunsa eni nyumba, anafunsa oyandikana nawo. Onse akuti kulibe munthu wotero.”

Ndinafotokoza zonse, mawu akuthamangitsana. Ndinati anthuwo amandikonda, amaganiza kuti akundipulumutsa, ndi mmene timakhalira. Ndinati atumizenso anthu, andipeza nditaima pakhomo ndi eni nyumba.

“Mukadziwa kuti tikubwera, kumeneko si kufufuzanso,” anatero. Sanali waukali, ndipo ndikuganiza kuti anandikhulupirira. “Lipoti lalowa kale, ndipo siliwerengedwa ndi ine ndekha. Oyembekezera malo amenewa ndi ambiri, amene mbiri yawo yatuluka yoyera. Pepani.”

Ndinagwada. Ine amene sindinagwadirepo malume a mkazi wanga, ndinagwada pa simenti ndili mu jekete yobwereka, ndikutchula dzina la mwana wanga kwa munthu amene sindinkadziwa n'komwe dzina lake. Anayang'ana pa zenera mpaka ndinadzuka ndekha.

Njira yonse yobwerera ndinkayankhula ndekha ngati wamisala. Pofika pa pulote, Amayi anali pakhonde akusankha usipa, telala ali pa makina ake. Amayi atandiona anadzidzimuka, anati bwanji sindinapite ku Mtsiliza. Pamenepo ndinaphulika. Chinsinsi chinalibenso ntchito. Ndinakuwa pamaso pa pulote yonse kuti anthu aja sanabwere kudzandigwira, anabwera kudzandilemba ntchito. Ndinati andiphera ntchito, andiphera banja, ndani anawatuma kuti azindiyankhulira? Ndinanena ndi zina zoipa kwambiri kwa mayi amene ankandidyetsa.

Amayi sanandibwezere, chinthu chimene sichinachitikepo. Anaika lichero pansi.

“Ntchito yake ndi ya anthu aja?” anafunsa. “Iwe umafuna kukhala mmodzi wa iwo?”

Ndinati inde. Ndinati nthawi zinasintha, ndipo ngakhale zikanapanda kusintha, mwana wanga akukulira kwa anthu ena. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akuona mlendo. Kenako analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanatulukenso.

Mmawa anagogoda pakhomo panga atavala chitenje chawo cha pa Eid ndi mpango woyera. Kumsika sanapite.

“Tiye ukandionetse,” anatero. “Ndanama ndine, ndikakonza ndine.”

Ndinadziwa kuti n'zosathandiza, komabe ndinapita nawo, poti munthu ukasowa pogwira umakhulupirira chilichonse. Tinakwera minibasi mpaka pa geti lija. Moyo wawo wonse anakhala akuthawa anthu amenewa, ndipo lero anabwera okha kudzagogoda. Anapereka moni kwa mlonda mwaulemu, n'kunena kuti akufuna kuonana ndi akuluakulu a akazitape, ali ndi bodza loti abweze.

Mlonda anandiyang'ana ine, amene dzulo lake lomwelo ndinakhala pansi pa geti lakelo, kenako anayang'ana Amayi.

“Kuno kulibe ofesi yoteroyo, amayi. Mwasochera.”

Amayi anayamba kufotokoza mokweza, kulunjika ku mpanda, kuti mnyamatayu amakhala kwawo, chipinda chakuseri, samwa, saba, amapemphera, mkazi wake ndi mwana akudikira. Anabwereza kangapo, mawu akusasa. Palibe zenera limene linatseguka. Dzuwa litakwera ndinawagwira pa mkono n'kuwachotsa, ndipo anandilola kuwatsogolera ngati munthu wodwala.

Ndinazengereza masiku angapo ndisanaimbe ku Dedza. Nditaimba, wa pa golosale anati ndidikire, ndipo ndinamva phokoso la ngolo zikudutsa, zodzaza chimanga. Mkazi wanga anafika akupuma mothamanga. Anati zovala wachapa, chikwama walongedza, ndipo wauza kale malume kuti ntchito yapezeka. Anafunsa kuti abwere liti.

Ndinamuuza kuti ntchito ija yalephereka. Anafunsa kuti ndalakwa chiyani. Ndinati sindinalakwe kanthu, anthu anandibisa. Ndinamva ndekha mmene mawuwo akumvekera, ngati bodza la munthu amene sanaitanidwepo n'komwe.

Kumbuyo kwake mwana ankayankhula tinthu tina timene sindinathe kumva.

“Ndikawauza malume,” anatero. “Inu muuze ankhoswe anu.”